Adzathamanga Ndani ndi Ba Belita

Kabwata, Lusaka
Lachinayi masana

Tasila mwana wanga,

Ndakulembera kalata ngakhale timakhala nyumba imodzi, chifukwa pakamwa sindikutha. Ndikangoyamba kulankhula umandidula ndi mfundo zako za kuyunivesite, ine n'kuyamba kulira, iwenso n'kulira, nkhani n'kuthera m'misozi. Pepala silidula munthu mawu. Dzulo madzulo unapita ku Chelstone kwa amalume ako, ndipo poti mabasi masiku ano ndi a mwayi, wagona komweko, kalatayi uipeza ukabwera madzulo ano. Ndikudziwa kuti sunapite kukatsazika. Wapita kukawauza zimene unandiuza ine, zoti ndege ya mawa ikusiye, ulembere aphunzitsi ako a kunja kuti udzabwera chaka china. Uwerenge kalata yonseyi usanandiyankhe, ndipo uwerenge utakhala pansi.

Chifukwa chako ndachimva, ndipo si chopusa ayi. Ukuti ukachoka, adzatuluka ndani m'mamawa ndi Ba Belita? Mayi wokalambayu mutu unayamba kumuthawa. Saiwala chinthu chimodzi chokha: kukangoti mbee kum'mawa, amapinda chitenje mpaka m'maondo, n'kulunjika kubwalo la kuseri kwa holo ya welofeya kukathamanga. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika tsiku lija anatuluka okha. Anthu opita kumsika anawapeza ali wefuwefu, opanda nsapato, osadziwa kumene kuli kwawo, ndipo wina anakuwa kuti, "Mfwiti yagwa!" Miyala inauluka. Chipsera chili pamphumi pawo mpaka lero. Pambuyo pake iwe ndiwe wakhala ukuwaperekeza, ndipo pamene pali iwe, mwana wophunzira wovala magalasi, palibe amene amatola mwala. Ukuopa kuti ukakwera ndege adzawapha. Inenso ndimaopa zomwezo, sindikubisira.

Koma upite, Tasila. Ndikuuza chifukwa chake, ndipo ndikuuza ndi zolakwa zanga, poti nzeru zina ndilibe.

Iwe unawadziwa Ba Belita akugulitsa nsomba zouma ku City Market. Ine ndinawadziwa ali moto. Anabwera kuchokera ku Luapula ndi mchimwene wawo wogwira ntchito ya njanji, ndipo analembedwa paholo kuti aziphunzitsa atsikana kusoka ndi kuphika masikono. Masikonowo ankapserera. Iwo ankatitulutsa panja kukasewera netibolo ndi kuthamanga, wezulo ili pakamwa. Zinali zaka zija mbendera itangosintha, aliyense akuyenda chifuwa patsogolo, tikukhulupirira kuti chilichonse chimene chinali chotsekedwa chatseguka. Ine ndinali nditangofika kuchokera ku Katete ndi makolo anga, wamtali ngati nsungwi, wamanyazi. Anandiona ndikuthamangitsa nkhuku imene inathawa m'dengu, anandiimitsa pamsewu n'kunena kuti, "Iwe, mendo aya si yoyendela ku chigayo chabe. Bwela mailo ku gilaundi." Mawa lake ndinapita kubwaloko. Sindinama, mwana wanga, ndinkathamanga. Atsikana a ku Emmasdale ankati akamva kuti Enelesi wa ku Kabwata alipo, ena ankayamba kudwala m'mimba mpikisano usanayambe.

Kulakwa kwanga koyamba kunabwera ndi ukwati. Malemu atate ako atanditomera, anandikhazika pamphasa alangizi a kumpingo pamodzi ndi azakhali amene anachita kubwera kuchokera kumudzi. Zambiri zimene anandiuza zinali zabwino, ndipo zinandisungira banja. Koma pakati pake anati mkazi wapabanja sadumpha, satambasula miyendo pagulu, ndipo akapitiriza kuthamanga chiberekero chimatembenuka. Azakhali anatsitsa mawu n'kundifunsa kuti, "Mphunzitsi wakoyo ali ndi mwana?" Analibe. Basi, umboni unakwana. Nthawi imeneyo ndinali nditasankhidwa kukapikisana ndi atsikana a kumigodi, ndipo Ba Belita anali atandisokera siketi ndi manja awo. Sindinapite. Anabwera pakhomo pathu, ine ndinali kuchipinda, amayi anga ndiwo anawayankha. Ndinawamva Ba Belita akunena kuti, "Mumuuze chabe ati malo yake yalipo." Sanakalipe, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa kukalipa. Tsono ona zimene zinatsatira. Ine amene ndinasiya kuthamanga kuti chiberekero chikhale bwino, ndinadikira zaka ndi zaka, n'kubereka iwe wekha. Mnzanga Zelipa amene anapitiriza kudumpha pa netibolo anabereka mpaka nyumba kuchepa. Ukamva munthu akunena kuti ichi mkazi sangachite, umufunse mwaulemu kuti anaona ndani. Koma usakawanyoze alangizi aja m'mabuku ako. Sankandida. Ankandiuza zimene iwonso anauzidwa atakhala pamphasa yomweyo, ndipo palibe amene anawalola kufunsa.

Kumbukira, mwana wanga, kuti ine ndinasiya chifukwa cha mantha. Iwenso lero chikukugwira ndi mantha, kungoti ako avala chifundo.

Kulakwa kwina kunali kokhulupirira kuti ntchito yabwino imadzilankhulira yokha. Atate ako ankasewera mpira wamiyendo, ndipo ankasewera bwino, Mulungu awasunge. Kampani inawalemba ntchito ya muofesi kuti azisewerera timu yake. Ntchitoyo inali yosongola mapensulo ndi kuwerenga nyuzipepala, iwo eni ankaseka nazo. Bondo litawonongeka sanawachotse, anawapatsa desiki ina. Nyumba ino tinaipeza chifukwa cha mpira. Ba Belita anathamangira dziko lino, anawoloka malire atanyamula mbendera, anabwera ndi zikho, anaphunzitsa atsikana osawerengeka. Mphoto yawo inali chitenje cha chipani ndi makapu a tiyi. Kenaka akuluakulu anaganiza kuti holo ija izibweretsa phindu, mbali ina anaisandutsa yomwera mowa, bwalo analipereka kwa anyamata, ndipo Ba Belita anauzidwa kuti ntchito ya atsikana yatha. Ife ana awo a pabwalo tinalipo, tili ndi mabanja, ena akazi a mabwana ku Woodlands. Tinakumana pamaliro ena n'kumang'ung'udza. Wina anati tipite kwa tcheyamani wa chipani tikalankhule. Ine ndi pakamwa panga pomwepa ndinati, "Boma likuwadziwa, silingawataye." Ndinkakhulupiriradi zimenezo. Komanso masiku ano, ukudziwa wekha, munthu sufuna kuoneka ngati ukutsutsana ndi chipani. Palibe amene anapita. Zikho zija zinakhala pawindo la ofesi ya holo mpaka zinachita dzimbiri, ndipo tsiku lina ndinaona mlonda akumwera madzi m'chimodzi.

N'chifukwa chake amalume ako akamaseka maphunziro ako ine sindiseka nawo. Ndikuwamva ngakhale ndili kuno: "Bana ba banzathu bayenda ku vyalo kupunzila udokota, uyu ayenda kupunzila chifukwa chake bakazi sibachaya bola. Azadya bola?" Uwasiye, ndi mlongo wanga, anabadwa ndi pakamwa potero. Kunena zoona, nanenso poyamba sindinkamvetsa. Unkati ukufuna kufufuza mmene masewera amagawira anthu, amene amapatsidwa bwalo ndi amene amalandidwa, ndiponso kumene othamanga amathera akakalamba. Ndinkaganiza kuti zimenezo aliyense amazidziwa, nanga n'zofunika digiri? Pambuyo pake ndinazindikira kuti timazidziwa m'makhitchini mokha. Palibe amene anaziimika pamaso pa anthu ogawa mabwalo ndi mapenshoni. Yunivesite yakutuma kuti ukaphunzire, udzabwere udzaphunzitse ena. Ukakhala pano udzapulumutsa mayi mmodzi kwa kanthawi. Nanga a ku Kitwe, a ku Chipata, amene alibe Tasila wowaperekeza?

Pali tsiku lina limene ndimachita nalo manyazi, ndipo unali wamng'ono, sungalikumbukire. Atate ako atamwalira ndinakagwira ntchito yophika ku Kabulonga, m'nyumba ya mpanda wautali, mlonda pageti. Dona wa pamenepo anali wamkulu kuposa Ba Belita, tsitsi lonse mbuu. Loweruka lililonse ankavala kasiketi koyera kolekeza apa, n'kunyamula chomenyera tenesi, dalaivala n'kumutengera kukalabu. Ine ndi bambo wosamalira maluwa tinkasuzumira pawindo la kukhitchini n'kumafa ndi phwete. Ine ndinkati, "Nkhalamba yopanda manyazi." Mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi, ndinadzawamva akunenedwa kwa Ba Belita pamsewu wathu uno. Kusiyana kwake n'kwakuti dona uja anali ndi mpanda ndi galimoto, ndiye kuthamanga kwake kunkatchedwa kusamala thupi. Wa ku Kabwata alibe mpanda, ndiye kwake n'kuuluka usiku. Ukakafika kunjako udzaona agogo akuthamanga m'misewu popanda wowacheukira. Usangosirira. Ufunse kuti ndani anawapatsa ufulu umenewo, ndipo kwawoko amene alibe ndi ati, chifukwa sangalephere kupezeka. Ndiponso uzisamala zimene umaseka uli kukhitchini, chifukwa mawu amayenda.

Za kuchipatala unazimva kale, koma ndibwereza, chifukwa ntchito yako idzakhala yofunsa okalamba mafunso. Ba Belita atayamba kuiwala, atasiya kudziwa mitengo ya nsomba zawo zomwe, mchimwene wawo atamwalira kale, ndinawatenga kudzakhala nafe. Mwana analibe, nanga akanapita kuti? Ndinapita nawo kuchipatala. Dokotala, mnyamata waulemu ndithu, anawafunsa dzina. Ndinayankha ine. Anawafunsa kumene amakhala. Ndinayankha ine. Anawafunsa chimene chikuwavuta, ine n'kuyala nkhani yonse, iwo ali chete, manja pamiyendo. Ndinkaona ngati ndikuwathandiza, kuti asachite manyazi akalephera. Tikutuluka pageti anaima n'kundiyang'ana. "Enelesi, nikali na kamwa." Iwe unandiposa pamenepa. Ndinkakuona utakhala nawo pakhonde, wafunsa funso limodzi, n'kungodikira, ine kukhitchini mtima ukundiyabwa kuti ndiyankhe. Patapita nthawi ankayamba kufotokoza za mpikisano wina wakale, mayina a atsikana onse, amene anagwa pokhota, amene anathamanga ali ndi malungo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kunjako akakuphunzitsa njira zambiri zofunsira, za mapepala ndi makina. Uziphunzire zonse, koma kudikira kumeneko usakakutaye. Ndipo ukamadzalemba za amayi amenewa, usawalembe ngati anthu omvetsa chisoni okhaokha kuti azungu akuombere m'manja. Ulembe kuti ankathamanga, ankapambana, ankatukwana oimbira masewera, ankaba malalanje m'mabwalo a eni. Ba Belita sanali ofatsa. Anamenyapo mnyamata wa chipani ndi nsapato pa City Market, tsiku limene ankafuna kusomola mpendero wa siketi ya mtsikana wawo ati yafupika. Zimenezonso uzilembe, koma dzina la mnyamatayo ulisiye, lero ndi munthu wamkulu.

Kulakwa kumene tinakangana nako kwambiri ndi kwa loko. Atawagenda muja, ndinagula loko n'kumatseka chitseko. Unandiletsa, ine ndinati ndiwe mwana, sudziwa anthu. M'mamawa uliwonse ankaima pachitseko, chitenje chopinda kale, akugwedeza chogwirira pang'onopang'ono, osakuwa. Kenaka analeka kuima. Kenaka analeka kudya. Ankangokhala pampando kuyang'ana khoma, thupi likutha tikuona. Iwe unandilanda kiyi, ndipo tsiku limenelo unandilankhula mawu amene mwana salankhula kwa mayi ake. Ndinakukhululukira kalekale, chifukwa unkanena zoona. Unati munthu sumusunga pomuchotsera chinthu chokhacho chimene chamutsalira. Unatuluka nawo, anabwera akutuluka thukuta, anadya mbale yonse n'kupempha ina. Ndiye ndikufunse, Tasila, iwe amene unaona zimenezi ndi maso ako: ukakhala pano, chaka chino n'kukhala chaka chamawa, malo ako n'kupatsidwa kwa wina, ukuganiza kuti ine sindidzakuona ukuyang'ana khoma? Ndinatsekerapo munthu mmodzi chifukwa chomukonda. Wachiwiri sinditsekera, ngakhale atandipatsa yekha loko.

Usanene kuti udzapita chaka china. Mawu amenewo ndimawadziwa, ndinawanenapo. Ndinkati ndikabereka mwana woyamba ndidzabwerera kubwalo.

Tsopano tina ndi tina, poti mayi salephera. Kumene ukupita ndi kumene udzabwerere, nthawi zambiri udzakhala mkazi yekha m'chipinda cha amuna. Pano pomwe unandiuza kuti pamisonkhano ya aphunzitsi amakuyang'ana iwe tiyi akafika. Kuthira tiyi si tchimo, ndakulera ndi ntchito imeneyo. Uthire tsiku limodzi, tsiku linalo unene mosekerera kuti lero ndi a uje. Ukakhala ndi mfundo uinene nthawi yomweyo, usadikire kuti udzainong'oneze kwa mnzako panja, iye n'kukainena mawa ngati yake. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Adzakuuza kuti za masewera si maphunziro enieni, ndipo za akazi okalamba ndiye kutaya nthawi. Usakwiye msanga monga umachitira ndi ine. Ugwire ntchito yako mpaka asowe ponyozera. Za ndale za kuno uzisamala polankhula, ngakhale uli kutali, chifukwa pakati pa ana a sukulu anzako sudziwa amene amalembera kunyumba. Sindikuti uname. Ndikuti udziwe amene wakhala naye patebulo. Uzivala zofunda, chifuwa chako n'cha atate ako. Upeze mpingo, ngakhale aziimba mozizira. Za ukwati adzakuopseza kuti mkazi wophunzira kwambiri amakalamba yekha. Ine ndaona osaphunzira ambiri akukalamba okha. Akapezeka munthu wabwino, umuonetsetse nkhope tsiku limene iwe wayamikiridwa iye ayi, pamenepo udzadziwa. Ndipo ubwere. Ambiri amapita n'kukhazikika komweko, sindiwaweruza, zinthu kuno zavuta, mizere ya ufa ukuiona. Koma amayi amene ukufuna kuwalankhulira ali kuno.

Chimene sindingakulonjeze ndi chakuti udzawapeza Ba Belita ali moyo. Zaka zimene ukakhale kumeneko n'zambiri kwa munthu wotere. Mwina udzalandira kalata yanga m'nyengo yachisanu, udzalira wekha m'kachipinda, popanda wokugwira phewa. Ndikalingalira zimenezi mtima wanga umasweka, chifukwa ndikudziwa mmene umawakondera. Sindikunyengerera kuti zidzakhala zopepuka. Ndikungoti imfa yawo idzabwera iwe ulipo kapena palibe, ndipo si iwe amene ungaiimitse pachitseko.

Tsopano ndikuuze za lero, chifukwa ndi zimene zandikhazika pansi kulemba.

Pochoka dzulo unandiuza kuti tsiku limodzi lokhali ndiwanyengerere ndi tiyi, asatuluke. Ndinavomera. Koma kutangoyera ndinawapeza ali pachitseko, chitenje m'maondo, dzanja pa chogwirira. Ukudziwa kuti papita nthawi yaitali osanditchula dzina. Amangonditi "mayo", monga amatchulira mkazi aliyense wowapatsa chakudya. Ndinaima pamenepo ndi kapu m'manja. Kenaka ndinaiika pansi, ndinapinda chitenje changa, ine mayi wa chigwirizano, wa maondo olira pokwera basi, n'kutsegula chitseko.

Njira ya kubwalo imadutsa pasitolo ya boma, ndipo mzere wa ufa unali utayamba kale. Munali amayi a kumpingo kwathu, munali akazi a tcheyamani, munalinso ena amene ndikudziwa bwino kuti tsiku lija anatola miyala. Onse anatembenuka. Miyendo yanga inafuna kubwerera yokha. Akazi a tcheyamani, poganiza kuti nanenso ndapenga, anati, "Amake Tasila, nanga ni chani? Mwafunta naimwe?" Ndinati, "Tili pa tulening'i, amai. Ngati mufuna bwelani." Wina anaseka, koma kunali kuseka wamba, kopanda miyala. Ndi ine amene ndimawaphikira pamaliro awo, ndi ine amene ndinasambitsa ana awo ali akhanda. Kuti anene kuti Ba Belita akuchokera kouluka, ayenera kunena kuti ndinali nawo m'lichero lomwelo, ndipo ayenera kundiuza m'maso.

Titafika pabwalo, anyamata anali asanabwere. Ba Belita anayamba kathamangidwe kawo kaja, kokhwekhwereza mapazi, ine pambali pawo. Sitinapite patali, mpweya unandithera. Ndinaima n'kugwira m'maondo. Iwo anabwerera, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Enelesi."

Ndinaweramuka, iwo n'kuitananso.

"Enelesi, wenze kuti? Wachedwa."

Ndinati, "Nenze ku nyumba, Ba Belita."

"Ku nyumba kuli chani? Banzako bayamba kudala. Nyamula mendo. Na manja aya osataya-taya, nakuuza kangati?"

Sanakumbukire kuti ndinawathawa. Sanakumbukire siketi ija, ngakhale tsiku limene anaima pakhomo pathu ine ndili kuchipinda. Kwa iwo ndinangochedwa pang'ono. Ndinanyamula miyendo, mwana wanga. Ndinazungulira bwalo lonse ndikulira ngati mwana, iwo akundikalipira kumbuyo kuti ndikupuma molakwika. Panopa ndikulemba maondo atatupa, ndawakulunga nsalu yonyowa, ndipo mawa adzatupanso. Adzazolowera.

Chatsala n'chimene chikupweteke, ndipo ndalimbana nacho masana onse ngati ndikuuze kapena ayi. Ndikuuza chifukwa ndiwe munthu wofuna zoona, ndiye ntchito imene wasankha. Njira yonse, popita ndi pobwera, sanakufunse. Sanacheuke kuyang'ana ngati ukubwera. Tili kunyumba, akumwa tiyi, ndinalephera kupirira. Ndinati, "Ba Belita, Tasila ayenda mailo. Mumukumbuka Tasila?" Anaganiza nthawi yaitali, moona mtima, akufufuza ndithu. Kenaka anandifunsa kuti, "Ni wa timu iti?"

Lira, ndikudziwa kuti ukulira. Nanenso ndinatuluka panja kukalira. Iwe unawabwezera kudya, unawabwezera bwalo, unawateteza ndi thupi lako pamene ine ndinali ndi loko m'manja. Zimenezo sizifafanizika chifukwa choti iwo aziiwala, ine ndikuzidziwa ndipo Mulungu akuzidziwa. Koma chimene akufuna m'mamawa si Tasila. Akufuna chitseko chotseguka ndi munthu pambali pawo. Munthu ameneyo alipo, ndipo anali ndi malo ake pabwalo lija iwe usanabadwe.

Amalume ako apeza galimoto ya mnzawo, adzakufikitsa ku bwalo la ndege. Ndege yako ndi ya m'mawa, ndiye udzanyamuka kusanayere bwino. Ndakhala ndikulota tsiku limeneli kuyambira uli ku pulayimale, ine nditavala chitenje changa chabwino, ndikukuimikira dzanja mpaka ndege italowa m'mitambo. Sizitheka. Tidzatsazikana pakhomo pano, ndidzakupempherera, ndidzakugwira kumaso monga ndinkachitira ukupita kukalemba mayeso. Kenaka ine ndidzatsogola, iwe ukudikira galimoto. Ukamadzadutsa kuseri kwa holo, uuze dalaivala achepetse liwiro, uyang'ane kudzanja lamanzere. Udzaona nkhalamba ziwiri zikuthamanga. Usatsike.

Ndine amako,
Enelesi